Tisanalipire trip ya ana, tifunse kaye mphunzitsi amene akupita nawo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani ya ma trip a ana asukulu, poti makalata opempha ndalama za ulendo ayambanso kufika mmakomo kuno ku Dedza ndipo makolo tikungong'ung'udzira pansi, wina akuti ndi kuba kumeneku, wina akuti bola ndikongole mwana asatsale anzake akupita. Ine zoti ana aziyenda sindikutsutsa ayi. Changa ndi choti tisanatulutse ndalama tizifunsa kuti kodi akupita nawo ndi ndani, ndipo munthuyo akudziwapo chani za kumene akupitako. Azungu a ku England nkhani yomweyi inawadyera chuma chambiri kwa zaka zoposa 150, nde ndati ndifotokozeko mbiri yawo mwina ife tingaphunzirepo ulere.

Kuyambira cha mma 1660 mpaka cha mma 1840 mwana wamwamuna wa munthu wolemera ku England, makamaka ana a mabwana a minda ikuluikulu aja, akafika zaka 17 kapena 20 ankamutumiza kukazungulira maiko a ku Ulaya, ena miyezi ingapo, ena zaka zitatu kapena kuposa. Ulendowu ankautcha Grand Tour, dzina limene linatchuka ndi buku la wansembe wa Katolika Richard Lassels lomwe linatuluka mu 1670. Njira yake inali pafupifupi imodzi. Kukwera chombo pa Dover kukatsika pa Calais, kenako Paris komwe mnyamata ankaphunzira Chifalansa, kuvina, kumenyana ndi malupanga, kukwera hatchi, komanso kusoketsa zovala zatsopano chifukwa za kwawo zija ku Paris zinkaoneka zachimidzi. Akachoka apo ulendo wa ku Italy, koma pakati pali mapiri a Alps, ndipo nthawi imeneyo pa Mont Cenis panalibe msewu wa ngolo, nde ngolo ija ankaimasula zidutswa zidutswa kusenzetsa nyulu, bwana wamng'onoyo kumukhazika pampando womangirira ku mitengo iwiri amuna a kumapiriko kumunyamula, chimodzimodzi machila amene agogo athu ankanyamulira atsamunda kuno. Horace Walpole, mwana wa nduna yaikulu ya ku Britain, akudutsa pamenepo mu 1739 mmbulu unatulukira nkumugwirira kagalu kake masanasana iye akuona. Akatsika mapiri nde Turin, Florence, Venice, Rome, mpaka Naples kukaona phiri lamoto la Vesuvius ndi mizinda imene linakwirira kalekale, Herculaneum imene anayamba kuikumba mu 1738 ndi Pompeii mu 1748.

Mwina wina afunsa kuti makolowo ankaponyeranji ndalama zonsezo pamene kwawo kunali Oxford ndi Cambridge. Chifukwa china chinali choti anawo kusukulu ankakulira Chilatini, nde ankafuna akaone ndi maso Rome amene ankangomuwerenga mmabuku. Koma china, chimene ife chikutikhudza, nchoti ma yunivesite awo nthawi imeneyo anali atagona tulo. Edward Gibbon, amene pambuyo pake anadzalemba mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Roma, anakhala ku Oxford miyezi 14 ndipo iye mwini ananena kuti pa moyo wake wonse sanatayepo nthawi ngati mmene anaitayira kumeneko. Kutumiza mwana kunja inali njira yothawa sukulu yakufa ya pakhomo mmalo moikonza. Sindikuwonjezerapo kanthu apa, aliyense akudziwa kumene ana a akuluakulu athu amaphunzira.

Nanga ankabwerako ndi chani? Ambiri ankabwera ndi katundu basi. Ku Rome kunali mmisiri wojambula dzina lake Pompeo Batoni amene bizinesi yake yaikulu inali kujambula anyamata achingelezi atavala bwino ataima pafupi ndi chosema chakale, kumbuyo kukuoneka mabwinja, dzanja lina litagwira buku kapena mapu kuti kunyumba akaone kuti mwana akuphunzira. Ku Venice ankagula zithunzi za Canaletto, nchifukwa chake mpaka lero zambiri mwa izo zili ku England. Ankagulanso ziboliboli zamiyala, zina zenizeni, zina zoti amalonda alumikiza mutu wa ichi thupi la icho nkumugulitsa mzungu mtengo wa golide. Ena ankabwera ndi ngongole za juga, ena matenda a mmabedi, ndipo James Boswell amene anayenda kuyambira 1763 mpaka 1766 zimenezi sanabise, anazilemba yekha mmadayale ake. Cha mma 1734 obwerera ku ulendowu anayambitsa kalabu yawo ku London, Society of Dilettanti, ndipo Walpole yemwe uja anaiseka kuti papepala chofunika kuti ulowemo nkukhala utafikako ku Italy koma chenicheni chinali kukhala chidakwa. Tisaiwalenso kumene ndalama zina zinkachokera. William Beckford amene anayenda mu 1780 chuma chake chinali cha minda ya nzimbe ku Jamaica yolimidwa ndi akapolo ochokera kuno ku Africa, nde tikamasilira zithunzi zokongolazo tizidziwa kuti wina anatuluka magazi kuti mnyamata akaone Venice. Atsikana ndiye ambiri ankangotsala pakhomo.

Koma pali gulu lina la anthu amene ankayenda nawo mmaulendo amenewa, ndipo ndi amene andichititsa kulemba kalatayi. Pafupifupi mnyamata aliyense ankapatsidwa mphunzitsi womuperekeza, wosunga ndalama, wolembera makolo malipoti, womukoka mnyamatayo kumuchotsa ku mowa kupita naye kukaona zakale. Kawirikawiri anali anthu ophunzira koma osauka, oti paokha sakanakwanitsa olo tikiti ya chombo. Ukaunika bwino amene anapindula kwenikweni ndi Grand Tour upeza kuti ambiri ndi amenewa, komanso anyamata ochepa amene anagwa mmanja mwa operekeza odziwa ntchito.

Inigo Jones anali mwana wa munthu wamba wogwira ntchito ya nsalu ku London. Mu 1613 anaperekeza Earl of Arundel ku Italy, iye mmalo mongoyang'ana ankayeza nyumba za Palladio, katswiri wa mapulani a nyumba wa ku Italy, ndi mabwinja a ku Rome, kulemba manotsi mmbali mwa buku, ndipo atabwerera anamanga Queen's House ku Greenwich ndi Banqueting House ku Whitehall, mamangidwe a dziko lonse anasintha kuyambira pamenepo. Thomas Hobbes, amene anadzatchuka ngati katswiri wa filosofi, mwana wa mbusa wosauka wa kumudzi, ankaphunzitsa ana a banja la Cavendish ndipo mmaulendo amenewo ndi mmene anakakumana ndi Galileo, katswiri wa sayansi ya nyenyezi, ku Florence cha mu 1636. Thomas Coke anachoka kwawo mu 1712 ali ndi zaka 15 nkubwerera mu 1718, ameneyu ndi mmodzi mwa ana olemera amene ulendo unawagwira mtima zenizeni, ku Italy anadziwana ndi William Kent, mnyamata amene anayambira ntchito yopenta ngolo, ndipo ndi Kent yemweyo anadzamuthandiza mapulani a nyumba yake ya Holkham Hall imene anthu amalipira kukaiona mpaka lero.

Koma wondisangalatsa kwambiri ndi Adam Smith. Mu 1764 anasiya uprofesa ku Glasgow kuti aperekeze Duke of Buccleuch, mnyamata wa zaka 17, atalonjezedwa mapaundi 300 pachaka komanso penshoni ya mapaundi 300 moyo wake wonse, kuposa zimene ankalandira pa yunivesite. Ku Italy sanafikeko nkomwe. Anakhala ku Toulouse chaka ndi theka, kunamutopetsa moti analembera mnzake David Hume kuti wayamba kulemba buku pofuna kutayitsa nthawi. Kenako anapita ku Geneva nkukaonana ndi mlembi wotchuka Voltaire, ku Paris kumakacheza ndi Quesnay ndi Turgot, akatswiri a zachuma a nthawiyo. Ulendo unathera panjira mu 1766 mng'ono wake wa Duke uja atamwalira ku Paris. Penshoni ija ndi imene inamupatsa mpata wokhala pansi kwawo ku Kirkcaldy, kenako ku London, mpaka mu 1776 anatulutsa The Wealth of Nations, buku loti aliyense wophunzira zachuma ku Chanco kapena ku Bunda analimvapo. Chodabwitsa nchoti mbuku lomwelo Smith anawunyoza mwambo umenewu, anati mnyamata amene wachoka ali ndi zaka 17 kapena 18 nkubwerera ali ndi 21 kawirikawiri amabwera ali wodzimva, wotayirira komanso wosatha kulimbikira ntchito kuposa mmene akanakhalira pakhomo. Munthu woti anadya nawo ndalama za ulendowo ndi amene akunena zimenezi, nde ine ndimamukhulupirira. Mwambowu unadzafooka ndi nkhondo za ku France kuyambira 1789 mpaka Napoleon atagonja mu 1815, kenako sitima zapamtunda ndi anthu okonza maulendo otsika mtengo ngati Thomas Cook anapangitsa kuti olo kalaliki wamba azitha kupita, ana a mabwana zinawathera kukoma.

Tsopano tibwere kwathu. Ma trip ambiri amene ndimawaona amayenda chonchi, minibasi kapena kosita yadzaza, nyimbo pa volyumu yonse, ulendo wa ku Salima kapena ku Mangochi, ana asamba mnyanja, adya chipisi, ajambulitsa pa foni, madzulo abwerako atatopa. Ukamufunsa mwana kuti waphunzirako chani akuti madzi ndi ambiri. Mphunzitsi amene wapita nawo anasankhidwa chifukwa ulendo uno inali nthawi yake yolandira alawansi, ntchito yake kuwerenga ana pokwera ndi potsika. Nyanja si yoipa, mwana wa ku Kasumbu kapena ku Kaphuka ayenera kuiona ndithu, koma pakhale munthu woti amuuze chifukwa chake Dedza kukuzizira pamene Golomoti kukutentha chonsecho ndi boma limodzi, poti akutsika yekha chiphompho cha Khwekhwelere makutu akutsekeka, jogalafe yonse ili pawindo la basi.

Ndipo chimandipweteka nchoti zinthu zimene azungu amawolokera nyanja kudzaona zili kuseri kwa nyumba zathu. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, zofiira zija zojambulidwa ndi Akafula, zoyera za makolo athu Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau, ku Mphunzi, ku Chentcherere, ku Namzeze. Ku Mua, mishoni imene inayamba mu 1902, kuli Kungoni imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yofotokoza mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Anzathu a ku Ntcheu ali ndi Nkolimbo kumene Angoni a kwa Maseko amachitira Umhlangano, ndi nkhani yonse ya Inkosi Gomani Chikuse amene atsamunda anamupha mu 1896. Olo msewu wa M1 womwewu, kuyenda kuchoka pa Dedza kudutsa Lizulu mpaka Biriwiri mbali ina Malawi mbali ina Mozambique, anthu a chilankhulo chimodzi ndi mafumu achibale, imeneyo ndi phunziro la mbiri lokwanira teremu yonse. Koma malo amenewa ukapita ndi munthu wosadziwa, mwana angoona mwala wodetsedwa ndi mizeremizere, mwinanso atenga makala alembepo dzina lake, zomwe zawononga kale zojambula zina.

Aphunzitsi sindikuwada, ndinagwirapo choko inenso ndipo ndikudziwa mmene malipiro amathera mwezi usanafike pakati. Vuto ndi loti iwowo palibe anawatengerapo kumaloko. Timayembekeza munthu afotokoze Chongoni pamene naye anangoiwerenga mu ndime imodzi ya buku. Ndalama zoti makhansala ndi mabwana a mmaofesi akaphunzire kunja mmene anzathu amatayira zinyalala zimapezeka, amabwerako ndi masutikesi ngati anyamata a Batoni aja, lipoti osalionako, koma zoti aphunzitsi a Social Studies a zoni imodzi akwere galimoto limodzi tsiku Loweruka apite ku Mphunzi ndi ku Mua pamodzi ndi munthu wa ku nthambi yoona zakale, akafunse mafunso, alembe manotsi, zimenezo akuti bajeti palibe. Ma TDC, malo amene aphunzitsi amakachitirako maphunziro, alipo zoni iliyonse, ma PEA, alangizi a masukulu a pulayimale, alipo, chimafunika ndi mafuta a tsiku limodzi ndi nkhomaliro basi. Mphunzitsi mmodzi amene waona ndi kumvetsa aphunzitsa ana mazana chaka ndi chaka mpaka adzapume, pamene mwana mmodzi amene wangosamba mnyanja zathera pomwepo.

Nde pempho langa kwa makomiti a sukulu ndi a PTA ndi loti kalata ya trip izinena dzina la mphunzitsi wotsogolera, ngati iye anafikako kale kumaloko, komanso ana akabwerako adzaonetsa chani pamsonkhano wa makolo, kaya ndi chimangirizo, kaya mapu ojambula okha, kaya sewero. Pa ndalama zoperekazo pakhale gawo la munthu wa mmudzi woperekeza alendo amene amadziwa malowo, asamangopatsidwa zikomo. Ndipo mtengo ukhale woti mwana wamkazi wa mayi wogulitsa kachewere pa Bembeke apite nawo, osati ana a ogwira ntchito mtauni okhaokha.

Inunso akonzi mutithandize, tumizani mtolankhani wanu akacheze ndi anthu a mmidzi yozungulira Mphunzi ndi Namzeze, akawafunse kuti chaka chathachi kunabwera masukulu angati a mboma lomwe lino la Dedza, nanga alendo akunja angati, mudzatilembere zimene akapeze.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Linthipe, Dedza