Tisamadumphe mutu wa kutha msinkhu m'kalasi

Akonzi,

Tipatseniko mpata tilankhule ndi aphunzitsi anzathu a m'sekondale kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu za kaphunzitsidwe ka nthano yaitali yokamba za mtsikana yemwe akukula. Tikafika pamutu womwe mpangankhani watha msinkhu kapena akukakamizidwa banja, ambiri timangolembetsa manotsi n'kudumphira kutsogolo. Pamayeso a MANEB ana amalephera kufotokoza chomwe chidamusintha mtsikanayo, chifukwa pomwe adasinthirapo m'pomwe sadawerenge.

Mphunzitsi awerenge buku lonse teremu isanayambe, achonge masamba ovutawo, ndipo adziwitse ahedi ndi amayi a Mother Group (gulu la amayi olimbikitsa atsikana pasukulu) kudakali sabata imodzi. Kholo likayamba kumva kwa mwana kuti aphunzitsi amalaula m'kalasi, nkhani imafika kwa amfumu inu musakudziwa.

Phunziro la mphindi 40 ligawidwe motere: 15 kuwerenga, 15 kukambirana, 10 kulemba. Ngati mabuku alipo 10 pa ana 60, pangani magulu a anthu 6, ndipo buku lizigwiridwa mosinthana, poti kupanda kutero limangokhala m'manja mwa mnyamata wolongolola. Ndime yovutayo muwerenge nokha aphunzitsi, modekha, osameza mawu. Mukapatsa mtsikana kuti awerenge, pofika buleki anyamata amakhala atamutcha kale dzina la mpangankhaniyo, ndipo mawa lake sakwezanso dzanja.

Mafunso alunjike kwa mtsikana wa m'bukumo, osati kwa amene wakhala pa desiki. Musafunse mwana zomwe adalangizidwa ku chinamwali. Zimenezo n'za anamkungwi, ndipo mwana woleredwa bwino angowerama n'kukhala chete. Funsani kuti akumusankhira zochita ndani, akuopa chiyani, nanga mawu osonyeza zimenezo ali patsamba liti. Yankho lopanda nambala ya tsamba libwezedwe, chifukwa umboni wochokera m'bukumo ndiwo umadzetsa malikisi.

Kumbukiraninso kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana yemwe adabereka kubwerera kusukulu, choncho mwina muli naye m'kalasimo. Iye asasanduke chitsanzo, ngakhale pongomuyang'ana. Mukafuna chitsanzo chenicheni, chili pafupi: Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto idathetsa maukwati ambiri a ana kuno ku Dedza, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti zaka zolowera m'banja zikhale 18. Ana ayerekeze zimenezi ndi nthawi yomwe nkhaniyo ikuchitika.

Pomaliza phunziro aliyense, mnyamata ndi mtsikana yemwe, aponye kapepala kopanda dzina m'katoni, kaya ali ndi funso kaya alibe, kuti wofunsadi asadziwike. Kapepala kakaulula nkhanza, musakawerenge pagulu. Kaonetseni ahedi tsiku lomwelo kuti nkhaniyo ipite kwa a zachisamaliro cha anthu kapena ku Victim Support Unit ya kupolisi, ndipo nambala ya foni yaulere yothandiza ana ya 116 ikhale yolembedwa pakona ya bolodi teremu yonse.

Aphunzitsi a Chichewa,
Dedza