Makompyuta akale asatayidwe, angathe kugwira ntchito ngati terminal

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa za makompyuta akale amene aunjikana m'maofesi, m'masukulu ndi m'makomo mwathu, omwe eni ake amati adatha ntchito chifukwa sakukwanitsanso kutsegula masamba a pa intaneti odzaza ndi zithunzi ndi makanema. Ine ndikuona kuti ambiri mwa makinawa akadali ndi moyo, ndipo njira yowagwiritsira ntchito ilipo, yomwe ndi yakale kuposa makinawo. Njirayi ndi kuwasandutsa terminal yolumikizidwa ndi chingwe cha serial (chotumiza uthenga kachidutswa kamodzikamodzi motsatizana) ku kompyuta ina ya pakhomo, n'kumagwiritsa ntchito mapulogalamu a zilembo zokhazokha.

Terminal ndi sikirini ndi kiyibodi basi, ndipo payokha siwerengera kanthu. Munthu akadina chilembo, terminal imachitumiza pa chingwe kupita ku kompyuta, kompyutayo n'kubweza zilembo zoti zioneke pa sikirini. Umu ndi momwe anthu ankagwirira ntchito m'zaka za m'ma 1970, pamene kompyuta imodzi ya pa yunivesite inkatumikira anthu ambiri nthawi imodzi, aliyense ali pa terminal yake. Yotchuka kwambiri inali VT100, imene kampani ya Digital Equipment Corporation ya ku America idatulutsa mu 1978. Inkaonetsa mizere 24 ya zilembo 80 pa mzere uliwonse, ndipo malamulo amene inkamvera posuntha zilembo ndi kufufuta sikirini ndi omwewo amene mapulogalamu a terminal akumverabe lero. Ngakhale Linux imene, pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga imachitira Windows, mwini wake Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 ku Helsinki polemba kapulogalamu kosandutsa kompyuta yake ya pakhomo kukhala terminal, kuti azilumikizana ndi kompyuta ya ku yunivesite ali kunyumba.

Chimene chimandikopa ine n'chakuti kulumikizaku mwana wa sekondale angathe kukumvetsa konse, popanda chobisika. Dongosolo la chingwe cha serial lotchedwa RS-232, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1960, limatheka ndi mawaya atatu okha: wotumizira, wolandirira ndi wachitatu wogwirizanitsa magetsi a mbali zonse ziwiri. Pa pulagi ya mano 9, amenewa ndi mano a nambala 2, 3 ndi 5. Polumikiza makina awiri, waya wotumizira wa uku uyenera kukafika pa dzino lolandirira la uko, choncho mawaya a nambala 2 ndi 3 amapingasana, ndipo chingwe chotere n'chimene amachitcha null modem. Kenako mbali zonse ziwiri zimayenera kugwirizana pa liwiro. Liwiro lozoloweleka ndi mabiti (tizidutswa ting'onoting'ono ta uthenga) 9600 pa sekondi, ndipo popeza chilembo chilichonse chimatenga mabiti 10, pa sekondi imodzi pamadutsa zilembo 960, kutanthauza kuti sikirini yonse ya zilembo 1,920 imadzaza m'masekondi awiri. Mbali ina ikatchera 9600 pomwe inayo ili pa 115200, pa sikirini pamangotuluka zizindikiro zosawerengeka, ndipo wophunzira amadzionera ndi maso ake chifukwa chake makina awiri ayenera kumvana asanayambe kulankhulana.

Makompyuta atsopano ambiri alibe polowetsa chingwe cha serial, koma kachipangizo kochoka ku USB kamathetsa vutoli. Pa kompyuta ya Linux, pulogalamu ya getty ndiyo imadikira pa chingwecho n'kufunsa dzina ndi mawu achinsinsi, pomwe kompyuta yakaleyo, monga laputopu, imangofunika pulogalamu ya minicom, screen kapena PuTTY kuti ikhale terminal. Chenjezo limodzi n'lofunika kwa amene angafune kugwiritsa ntchito Raspberry Pi, kakompyuta kokwana m'dzanja komwe kadatuluka ku Britain mu 2012. Mano ake a serial amayendera mavoti 3.3, pomwe RS-232 yeniyeni imatha kufika mavoti 15, kotero kulumikiza ziwirizi popanda kachipangizo kapakati monga MAX3232 n'kuwotcha makina.

Nanga munthu angachitenji ndi zilembo zokhazokha? Angalembe makalata ndi malipoti ndi pulogalamu ya nano kapena ya vi; vi ndi imene Bill Joy adalemba ku Berkeley mu 1976 ndipo ikupezekabe pafupifupi pa seva iliyonse. Angawerenge ndi kuyankha maimelo ndi Alpine kapena Mutt. Angaphunzire kulemba mapulogalamu a Python kapena C. Angathenso kuwerenga masamba a pa intaneti ndi Lynx, yomwe idayambira ku University of Kansas mu 1992, imene imakoka mawu okha n'kusiya zithunzi ndi makanema otsatsa malonda. Kwa ife amene timagula bandulo ndi ndalama yovuta kupeza, zimenezi si zazing'ono, chifukwa mbali yaikulu ya bandulo imathera pa zinthu zimene sitidapemphe kuti tizione. Komanso kompyuta imodzi yabwinoko ingatumikire ana awiri kapena atatu nthawi imodzi, aliyense ali ndi dzina lake ndi mafayilo ake.

Sindikubisa kuti njirayi ili ndi malire. Masamba ambiri a masiku ano, monga a mabanki, sagwira bwino ntchito pa Lynx chifukwa amadalira timapulogalamu ta JavaScript tomwe Lynx satha kuyendetsa, ndipo amene akufuna kuonera kanema asayembekezere chilichonse pano. Terminal yeniyeni ya VT100 ndi yosowa, imadya magetsi ambiri kuposa laputopu, ndiponso idapangidwira zilembo za Chingelezi zotchedwa ASCII, choncho chilembo chathu cha ŵ singachionetse. N'chifukwa chake ndikulimbikitsa laputopu yakale, imene ikatcheredwa pa UTF-8, dongosolo la zilembo za zilankhulo zambiri, imalemba Chichewa chonse bwinobwino.

Mfundo yanga yaikulu, Akonzi, ndi ya ntchito. Zipangizo zambiri zoyendetsera netiweki m'mabanki, m'maofesi ndi m'makampani a mafoni, monga ma router ndi ma switch a Cisco, zili ndi khomo la console limene limalankhula serial pa liwiro lomwe lija la 9600. Netiweki ikagwa, kapena chipangizo chikakhala chatsopano chosatcheredwa, katswiri amaloŵera pa khomo limeneli ndi chingwe ndi laputopu, ndipo chimene amachiona ndi zilembo zokhazokha. Wachinyamata amene adaphunzira kompyuta mwa kudina zithunzi basi amasowa pogwira akafika pamenepa, pomwe mnzake amene adazolowera kulemba malamulo ndi manja amaona kuti wafika kwawo.

Choncho ndikupempha makoleji ophunzitsa ntchito zamanja amene ali pansi pa TEVETA, pamodzi ndi aphunzitsi a phunziro la makompyuta m'masekondale, kuti asanataye makina akale ayambe asankhapo amene sikirini ndi kiyibodi zake zikugwirabe ntchito. Agule zingwe zochepa za USB ndi za null modem, aike Linux pa kompyuta imodzi, ndipo ophunzira alumikize okha mawayawo, atchere okha liwiro, mpaka mawu ofunsa dzina aoneke pa sikirini. Makampani ndi mabungwe amene akusintha makompyuta awo chaka chino apereke akalewo kumasukulu oterewa atafufutamo zinsinsi zawo zonse.

Ine wowerenga wanu,
Zomba