Chilengezo kwa makolo a ana a mkombaphala

Makolo anzanga a kuno ku Senga Bay, tikumane Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango pasukulu yathu ya mkombaphala.

Nkhani yake ndi ya mafoni ndi mafilimu. Alezi akudandaula kuti ana ena akumasinza phala lisanapse n'komwe, chifukwa usiku amakhala koonetsa mafilimu kumsika. Inenso zikundikhudza: ndikamayanika usipa ndimangomupatsa mwana wanga foni kuti asandivute, pano nyimbo za pa TikTok akuziloweza, koma kuwerenga mpaka 10 kukumuvuta. Chonsecho akakwanitsa zaka 6 akuyenera kuyamba Sitandade 1.

Abambo, chonde musangotuma amayi okha, ngakhale mutakhala kuti mwachezera panyanja. Aliyense abwere ndi nthano imodzi yoti tiziwafotokozera anawa madzulo tikatha kudya.