Galimoto yakale yokonzedwanso ijambulidwe moyenera ntchito yake

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa zithunzi zomwe zimatsagana ndi nkhani za galimoto zakale m'magazini ndi m'nyuzi zathu. Nkhanizo timazikonda, koma kawirikawiri zithunzi zake zimapha ntchito yomwe nkhaniyo ikuyamikira. Munthu watenga Peugeot 404 yomwe inagona panjerwa kuseri kwa chigafa zaka zambiri, wadula dzimbiri, wawotcherera pansi pake, wasakasaka magalasi a nyali mpaka ku Chipata, wapopera penti. Kenako wojambula wafika 12 koloko masana, waima pafupi ndi bampala, wajambula katatu ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp. Chotuluka papepala ndi galimoto yotupa mphuno, denga lili mbee, kunsi kuli bii, ndipo pachitseko pakuoneka wojambula yemweyo ndi ana omwe anabwera kudzaonerera. Ife ndife ojambula zithunzi ndi okonza mabodi a galimoto kuno ku Kasungu, ndipo tikufuna tifotokoze momwe ntchitoyi iyenera kuyendera.

Galimoto yopentedwa bwino ndi kalilole. Chilichonse chomwe chaizungulira chimaoneka pabodi: mawaya a magetsi, chikwangwani cha golosale, malata, munthu wovala malaya ofiira. Choncho posankha malo, musayang'ane kumbuyo kwa galimoto kokha. Tembenukani muone zomwe zili kumsana kwanu, chifukwa n'zimene zidzaoneke pazitseko. Malo abwino ndi otseguka, pomwe mbali ya galimoto ikuyang'ana thambo ndi mzere wa mitengo ya kutali. Mzere umenewo ukaoneka pabodi uli wowongoka kuchokera kunyali yakutsogolo mpaka yakumbuyo, wodziwa aliyense amaona kuti wowongola bodi anagwira ntchito, sanangomata fila, phala lija lobisira malo opindika pabodi. Pansi pa mtengo wa mango ayi: kuwala kodutsa m'masamba kumaika mathothomathotho papenti ngati yawauka.

Kuno malo oyenera ndi ambiri. Mseu wa mu esiteti wokhala ndi mabalani a njerwa chapatali umayenerana ndi Land Rover kapena pikapu ya 404, poti ndimo momwe zinkagwira ntchito. Phiri la Kasungu limakhala bwino kumbuyo kwa galimoto mukalijambula ndi lenzi yaitali. Pemphani kaye kwa eni esiteti, ndipo kumudzi yambani mwaonekera kwa amfumu. Nkhalango yowirira yomwe yatsala yokha pakati pa minda imakopa wojambula wochokera kutauni chifukwa cha mdima wake, koma kwathu kuno nthawi zambiri amenewo ndi manda, mwinanso dambwe. Osaimikapo galimoto. Osaimikanso pa udzu wouma, chifukwa ekizozi yotentha imayatsa moto pansi pa thanki ya petulo.

Nthawi yojambulira ndi yochepa kwambiri. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma hafu pasiti 5. Mu Novembala limatuluka 5 koloko itangodutsa. Kuwala kofewa kumakhalapo mphindi pafupifupi 20 dzuwa lisanatuluke ndi mphindi 30 kapena 40 litatuluka, ndipo madzulo n'chimodzimodzi. Galimoto ikhale itafika, itapukutidwa, itaimikidwa pamalo pake nthawiyo isanakwane. Ife timasankha m'mawa: mphepo imakhala isanadzuke, mame amakhala atagwira fumbi, ndipo anthu oonerera amakhala asanachuluke. Miyezi yabwino ndi Epulo mpaka Juni, thambo likadali loyera. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba phiri, ndipo kumapeto kwa Okutobala dzuwa la masana limakhala pamutu penipeni, pomwe limawalitsa boneti ndi denga n'kusiya matayala mumdima. M'miyezi yozizira dzuwa limadutsira chakumpoto, ndiye mbali yomwe mukufuna ionetsedwe isayang'ane kumwera. Tsiku la mitambo musalinyoze, makamaka kwa galimoto yakuda kapena yodzaza chrome, zitsulo zonyezimira zija monga za bampala.

Pa kutsuka ndi pomwe penti yatsopano imaonongekera. Sopo wa ufa wochapira zovala amazimitsa kunyezimira. Gulani sopo wa galimoto. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina yotsukuluzira nsalu, kuti mchenga usabwerere pabodi. Madzi a pamjigo akaumira okha padzuwa amasiya timadontho toyera, choncho tsukirani pamthunzi n'kuumitsa nthawi yomweyo ndi nsalu yofewa. Fumbi la katondo likatera pomwe mukujambulira, musalipukute louma. Limakanda timizere tozungulira tomwe maso sationa koma dzuwa la m'mbali limationetsa tonse. Wazani madzi kaye, kenako pukutani mosakanikiza. Polishi wa sera asapakidwe papenti yomwe sinathe mwezi. Funsani amene anaipopera. Mafuta onyezimiritsa matayala amagwira fumbi galimoto ikangoyenda mamita ochepa pamseu wadothi, komanso matayala a zaka za m'ma 1960 sankawala choncho. Burashi ndi madzi n'zokwanira.

Tsopano kamera. Mphuno yotupa ija imabwera chifukwa choyandikira kwambiri ndi lenzi yotambalala. Bwererani mamita 15 mpaka 20, mugwiritse ntchito lenzi ya 85mm mpaka 135mm. Ngati ndi foni, sankhani 2x kapena 3x mubwerere m'mbuyo. Kamera ikhale pa tripod, choimikira chake cha miyendo itatu, motsika kufanana ndi nyali zakutsogolo, masentimita 60 mpaka 80 kuchokera pansi. Mukajambula chiimire, denga limakula ndipo galimoto imaoneka yofupika miyendo. Chithunzi chachikulu chionetse kutsogolo ndi mbali imodzi pamodzi, mbaliyo itenge malo ochulukirapo. Khotetsani chiwongolero pang'ono kuti rimu la kutsogolo liyang'ane kamera. Likakhotera kwina mumangoona mapazi a tayala. Magalasi onse akhale otseka kapena onse otsitsa, mipando ikhale yofanana, zolendewera pakalilole wa mkati zichoke. Onetsetsani kuti palibe mtengo kapena pholo la magetsi lomwe likuoneka ngati lamera padenga. Pakamera sankhani ISO 100 ndi f/8 kuti galimoto yonse ioneke bwino kuchokera kubampala mpaka kubuti, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yajambula.

Polariser ndi galasi lovekedwa kutsogolo kwa lenzi, lomwe wojambula galimoto sayenera kusiya kunyumba. Mukalizungulitsa, kuwala kwa thambo kumachoka pagalasi lakutsogolo ndipo chiwongolero ndi mipando zimaonekera. Koma lili ndi khalidwe lake. Silingayeretse galasi lakutsogolo ndi zitseko nthawi imodzi, chifukwa zapendekeka mosiyana. Jambulani kawiri kamera isanasunthe, muphatikize pakompyuta. Limadya kuwala kokwana ma stop awiri kapena kucheperako pang'ono, kutanthauza kuti kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi, n'chifukwa chake tripod ili yofunika. Pa chrome siligwira ntchito. Ndipo magalasi akale olimbitsidwa ndi moto amaonetsa mawanga akuda mukawayang'ana ndi polariser. Mukaona zimenezo, libwezeni pang'ono mpaka mawangawo azilale. Musachotsenso kunyezimira konse. Bodi yopanda kuwala kulikonse imaoneka ngati sinapentedwe.

Chrome imafuna kuipatsa choti ionetse. Yalani nsalu yoyera pansi kutsogolo kwa bampala, kunja kwa chithunzi, ndipo bampala iwala bwino m'malo motengera kufiira kwa dothi. Katondo yemweyo amafiiritsa kunsi kwa zitseko za galimoto yoyera kapena ya kirimu. Jambulani kamodzi pepala loyera litatsamira pachitseko, kuti pokonza mitundu mukhale ndi poyambira. Mwini galimoto anavutika kupeza mtundu weniweni wa penti ya kufakitale, ndiye usasinthike pakompyuta. Wojambula avale zakuda. Fuleshi ya pamwamba pa kamera izimitsidwe, chifukwa imasiya kadontho kowala papenti n'kuyeretsa nambala puleti.

Mkati ndi injini zijambulidwe pamthunzi wathunthu, dzuwa litakwera, monga pakhomo la shedi. Katoni yoyera kapena yomatidwa pepala lonyezimira imabwezera kuwala pansi pa dashibodi. Apa m'pomwe wojambula ayenera kudziwa chomwe akuyang'ana. Pa 404, yomwe inayamba kupangidwa mu 1960, owerenga akufuna aone injini yake yopendekeka, giya wa pachiwongolero, mkango wa pagirilo ndi zipsepse za kumbuyo. Pa Land Rover, ma rivet ndi mahinji a zitseko aoneke, ndipo mabodi ake a aluminiyamu sankakhala osalala ngakhale ali atsopano, ndiye timafunde ta pazitseko tisafafanizidwe. Series IIA yoyambirira ili ndi nyali pakati, pagirilo. Series III, yomwe inabwera mu 1971, ili ndi girilo ya pulasitiki ndipo mamita ake a padashibodi ali kutsogolo kwa dalaivala. Chithunzi chimodzi cha kutsogolo ndi china cha dashibodi zimathetsa mkangano wa chaka.

Chithunzi cha galimoto ikuyenda chijambulidwe pamseu wopanda anthu, osati pa M1 pakati pa mathiraki. Liwiro la makilomita 40 pa ola ndi shutter ya kamera yotseguka 1/60 ya sekondi zimazungulitsa matayala n'kusiya bodi ili yooneka bwino, bola kamera itsatire galimoto mosadukiza. Zambiri zimatuluka zogwedera, choncho galimoto idutse kangapo. Kumbukirani kuti mabuleki ake ndi akale, ndipo makaniko akhalepo tsikulo. Kuliza ndi kuzimitsa injini pafupipafupi kumadzaza kabureta petulo, kuisiya ikulira pamalo amodzi kumaitenthetsa, ndipo nyali zikayaka nthawi yaitali injini ili chete batire limatha. Pofuna kuisuntha pang'ono, ikankheni. Tengani madzi a mu redieta, mawaya ojampira ndi katoni yoika pansi pa injini yolandira mafuta odontha, yomwe muzichotsa pojambula.

Mbali yotsalayi ndi yanu, Akonzi. Tsamba la A4 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) limafuna ma pixel, timadontho ta chithunzi, 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, kuonjezapo mamilimita 3 mbali iliyonse odulidwa posindikiza. Chithunzi chotambalala masamba awiri chimafuna ma pixel oposa 5000 m'lifupi. WhatsApp imachepetsa chithunzi kufika cha m'ma 1600, chomwe papepala n'chosakwana masentimita 14. Chikakokedwa kuti chidzaze tsamba, mizere ya girilo imasweka. Lamulani kuti zithunzi zibwere pa imelo, pa flash, kapena pa WhatsApp ngati document. Muuzeni wojambula asanapite ngati mukufuna cha pachikuto, kuti ajambule choimirira n'kusiya thambo pamwamba polemba dzina la magazini, komanso kuti baji kapena nkhope ya munthu isagwere pakati pomwe masamba amapindikira. Mitundu yofiira ndi yabuluu yowala imazilala ikasinthidwa kupita ku CMYK, mitundu inayi ya inki yosindikizira, ndiye wojambula aone kaye zisanapite kumakina.

Zithunzi za galimoto isanakonzedwe zisasowe. Zilipo m'foni ya mwini wake, ndipo chakale cha mu alubamu cha masentimita 10 kwa 15 chikasikanidwa pa 600 dpi chimatsala pang'ono kudzaza tsamba. Pakompyuta chotsani fumbi ndi waya wa magetsi, koma musabise zomwe zili pagalimoto. Ngati mu Land Rover muli injini ya Toyota, mawu a pansi pa chithunzi anene choncho. Kupeza zipangizo kuno n'kovuta ndipo palibe chochititsa manyazi. Chaka cha galimoto chitengedwe mu blue book ndi pakachitsulo ka nambala ya chasisi, koma nambalayo isasindikizidwe yonse, ndipo za nambala puleti funsani mwini wake ngati akufuna ioneke.

Chomwe timadandaula nacho koposa n'chakuti pazithunzizi pamaoneka mwini galimoto yekha atatsamira boneti. Wowotcherera, wowongola bodi, wopopera penti ndi telala yemwe anasoka mipando sapezekapo. Ajambulidwe m'galaja mwawo, zida zili m'manja, ndipo mayina awo alembedwe ngati avomera. Wojambula apatsidwe tsiku lathunthu, m'mawa ndi madzulo omwe, ndipo nkhani ipatsidwe masamba okwanira zithunzi 8 kapena 10.

Ojambula zithunzi ndi okonza mabodi a galimoto,
Kasungu