Wansembe asamakhale yekha pa parishi

Akonzi,

Ndipatseniko kampata munyuzi yanuyi ndilankhuleko za chinthu china chake chimene ife akatolika tangochizolowera ngati ndi mmene zimayenera kukhalira, chomasiya wansembe m'modzi yekhayekha pa parishi, chinyumba chonse chija iye ndi mlonda basi.

Amene anabweretsa mpingowu kuno kuchigawo chapakati sankakhala choncho ayi. Chipani cha ma White Fathers, kapena kuti Missionaries of Africa, anachiyambitsa ndi Charles Lavigerie mu 1868 ali arkiepiskopi wa ku Algiers m'dziko la Algeria, ndipo lamulo limene mkuluyu sankafuna nalo zonyengerera linali loti pa mishoni pazikhala anthu osachepera atatu. Anachita kunenetsa kuti bola kuisiya mishoniyo kusiyana ndi kuphwanya lamulo limeneli. Atatuwo azipemphera limodzi, azidya tebulo imodzi, ntchito azipangana. Mukaganiza bwino nzeru yake ndi yosavuta, wina akagwa ndi malungo pali womuthamangira, wina akayamba kulowerera pali womuuza pamaso kuti achimwene apa ndiye mwaphonya, zinthu zisanafike kubwalo la akhristu.

China ankalimbikira ndi chiyankhulo, sankafuna zomalalikira kudzera mwa womasulira, amati phunzirani chiyankhulo cha eni dera, idyani zimene akudya, valani zimene akuvala. Mkanjo woyera uja anthu amaona ngati ndi wachizungu chonsecho anatengera kwa ma Arabu a ku Algeria komweko, ndi kolona wa m'khosi uja, poona kuti asilamu amayenda ndi mikanda yawo yopempherera.

Kuno ma White Fathers anayamba kufika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, sizinayende, pofika 1891 ananyamuka kulowera ku Mambwe ku Zambia. Atabweranso anatsegula Mua mu 1902, kenako kunabwera Likuni, Kachebere, Bembeke ndi kwina. Sindikuti anali angelo, pa nkhani ya gule wamkulu ndiye analimbana nawo kwambiri eni mudzi ku Mua konko, kuiwala malangizo a mwini chipani aja omvetsa anthu kaye. Koma onani kuti m'chipani chomwecho ndi mmene munatuluka bambo Claude Boucher, amene a kwathu anawatcha a Chisale, omwe anayambitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso ku Mua, mu 1976 n'kusunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ambuye Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, Mmalawi woyamba kulowa chipanichi, atakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 ndi amene analimbikitsa za miphakati, timagulu ta akhristu okhala moyandikana. Ine ndimaona kuti nzeru imeneyo anaitenga ku moyo wachipani, kuti chikhristu cha wekha sichipita patali.

Ndiye lero tikutani? Akhristu tili m'miphakati, timazondana, timasonkherana pa maliro, koma amene amatilalikira za umodziyo akukhala yekha. Pa parishi ina imene sinditchula, bambo mfumu amadzuka m'mamawa Lamulungu kukwera njinga yamoto kupita ku nthambi, Misa kuno Misa uko, ubatizo, milandu ya mabanja, odwala ofuna kudzozedwa, pobwera kuli mdima fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, wophika anaweruka kalekale, nsima ili mu fudiwoma yaumiratu, adya okha akuyang'ana foni. Tsiku limenelo mwina amva zinthu zolemera zoti sangauze munthu wamba aliyense. Sabata yamawa chimodzimodzi. Kenako tikamva kuti bambo ayamba kumwa kwambiri kapena zina zija timathamangira pa WhatsApp kukawatafuna, eti ansembe a masiku ano, osafunsa kuti munthuyu amacheza ndi ndani dzuwa likalowa.

Ndikudziwa ena ati ansembe a dayosizi si achipani, malumbiro awo ndi ena, komanso ndi ochepa pomwe maparishi akuchulukirachulukira. Zoona. Koma kutsegula parishi yatsopano chifukwa choti akhristu aumba njerwa ndipo amanga nyumba ya ansembe, pamene mulibe anthu oti mukaikemo, ndi kumuponya munthu m'chitsime. Lavigerie anali ndi anthu ochepa kuposa ife, dera lake lalikulu zedi, misewu kunalibe, koma sanagonje pa nkhani ya atatuyi.

Pempho langa kwa Ambuye maepiskopi athu ndi loti maparishi oyandikana ansembe ake azikhala nyumba imodzi, m'mawa aliyense azipita kwake ndi njinga kapena galimoto, madzulo azikumana pa mapemphero ndi pa chakudya. Mafuta akwera inde, koma ife akhristu timasonkha za zikondwerero ndi nsalu za yunifomu chaka ndi chaka, za mafutazo tiuzeni pa khonsolo ya parishi tisonkha. Ndipo pomwe sizingatheke, musatsegule kaye parishiyo, ikhalebe nthambi mpaka anthu apezeke.

Ine wanu,
Mkhristu wa ku Mtakataka, Dedza