Kalata yopita ku Johannesburg: za mnyamata wanu ndi matenda a khunyu

Okondedwa anzanga,

Ndalandira uthenga wanu wofunsa ngati kuli bwino kuti mnyamata wanu asiye sukulu, popeza agogo ake akudandaula kuti wayamba mwano, sakhazikika, ndiponso wabwereza Sitandade 4. Loweruka ndinapita ku Linthipe kukamuona, ndipo pempho langa ndi lakuti musamuchotse.

Ndinamupeza pakhonde akupanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino, ntchito imene mwana wopanda nzeru sangaithe. Tili mkati mocheza anangoti zii, maso ali tong'o, waya uli m'manja, ndipo patapita kamphindi anapitiriza nkhani ngati palibe chachitika. Agogo anati, "Mwaonatu, amachita dala ameneyu." Ine sindikhulupirira kuti ndi dala, chifukwa khunyu si kugwa ndi kuphupha kokha, pali mtundu wina umene mwana amangosowa kwa masekondi ochepa, mwina kambirimbiri pa tsiku. Pa zaka zimene ndaphunzitsa ndaona kuti mwana wotere amamva chiyambi cha samu, kenako mathero ake, pakati ponse patamudutsa, ndiye ife aphunzitsi timathamangira kumutchula mbuli.

Ana ambiri a khunyu ali ndi nzeru zofanana ndi anzawo. Amene amavutikadi kuphunzira nthawi zambiri ndi amene ubongo wawo unavulala, monga pobanika pobadwa, pa matenda oumitsa khosi, kapena pa malungo a m'bongo ngati amene anamugoneka iye ali wamng'ono. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti pafupifupi ana 9 mwa 100 alionse opulumuka ku malungo oterewa anadzayamba khunyu, ndipo ena anasintha khalidwe, n'kukhala andewu ndi osakhazikika.

Mankhwala nawonso ali ndi mbali yake. Phenobarbital amene akumwa amathandiza, koma ana ena amawapatsa tulo m'kalasi, ena amawasandutsa aukali ndi ojijirika. Agogo asamusiyitse okha, pakuti kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa koopsa. Akafotokoze zonsezi kuchipatala cha boma ku Dedza, adokotala akaone ngati angasinthe mlingo kapena kumupatsa mtundu wina.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi chimene anandiuza pondiperekeza kumsewu, kuti anzake amakana kumwera naye kapu imodzi ya phala poopa malovu ake. Khunyu sapatsirana, koma mwana amene amasalidwa tsiku ndi tsiku, mumayembekezera kuti abwere kunyumba akuseka? Gawo lina la mwano umene agogo akuuona likuchokera pamenepo.

Ndasiya kope loti msuweni wake azilembamo tsiku ndi nthawi imene wagwa kapena kusowa, kuti tikalionetse kuchipatala. Ndawachenjezanso za moto, chifukwa kuzizira kwa Juni kuno mukukudziwa, ndipo ana amaunjikana pamoto madzulo. Mukatumiza ndalama ya mwezi uno, muonjezereko ya minibasi ya anthu awiri. Ndidzapita naye ndine.

Ndine mnzanu wa ku Dedza.