Nkhani ya Billie Holiday yasowa nyimbo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani ya Billie Holiday imene idatuluka pa tsamba lanu la zamsangulutso. Mwachita bwino kukumbukira mayi woimba jazi wa ku America ameneyu, koma mlembi wanu adathera inki yonse pa mankhwala ozunguza bongo, amuna omuzunza ndi ndende. Za kuimba kwake, mizere iwiri basi.

Mlembiyo sindikumuda kwenikweni, poti adatunga pa chitsime chimene ambiri amatungapo: buku la mayiyu la mu 1956, Lady Sings the Blues. Billie ankafotokoza, koma wogwira cholembera adali William Dufty, mtolankhani wa New York Post. Bukuli n'lokoma, ukaliyamba tulo timathawa, koma si lonse loona. Limati makolo ake adakwatirana, chonsecho sadamange banja. Limati adabadwira ku Baltimore, zomwe nanu mwabwereza, pomwe zikalata zikuonetsa kuti adabadwira ku Philadelphia pa 7 April 1915. Ku Baltimore adangokulirako. Limaperekanso chithunzi chakuti iye adathandiza kupeka maimbidwe a Strange Fruit, nyimbo ya mu 1939 yodandaula kupachikidwa kwa anthu akuda m'mitengo, koma mawu ndi maimbidwe omwe adapeka ndi Abel Meeropol, mphunzitsi wa ku New York. Pamwamba pa izi, kampani yosindikiza ya Doubleday idadulamo zigawo zina poopa kukokeredwa kukhoti.

Ena akamva izi amati bukulo litayidwe. Ine ayi. Mayiyu adalilemba ndalama zitamuvuta. Atamangidwa mu 1947 n'kukakhala kundende ya Alderson, adamulanda chiphaso choimbira m'malo ogulitsa mowa mu New York, ndiye kuti adamutsekera munda umene ankadyera. Munthu wotere akamafotokoza moyo wake amasankha zoti anene, ndipo kusankhako nako kumatiuza kanthu.

Chimene ndikupempha n'chakuti bukuli lisawerengedwe lokha. Mtolankhani Linda Kuehl adajambula pa tepi anthu ambirimbiri amene ankamudziwa Billie, oimba naye, anzake a paubwana, ngakhale apolisi amene ankamusaka, koma Kuehl adamwalira mu 1978 buku lake lisadathe. Matepi amenewo ndiwo adagwiritsa ntchito Donald Clarke mu 1994 ndi Julia Blackburn mu 2005 m'mabuku awo onena za Billie. M'buku la Blackburn mboni zimatsutsana zokhazokha, wina akuti adali wofatsa, wina akuti adali wandewu, ndipo mlembiyo sazigwirizanitsa. Koma limene lidanditsegula makutu ndi la John Szwed la mu 2015, chifukwa gawo lalikulu lidapita ku funso limene nkhani yanu idalidumpha: kodi mayiyu ankachita chiyani ndi nyimbo?

Mawu ake sadali aakulu, sankafika patali m'mwamba kapena pansi. Adaphunzira pomvera mbale za galamafoni za Bessie Smith ndi Louis Armstrong, ndipo ankaimba ngati akuliza lipenga. Oimba zida akalowa mzere, iye ankachedwa dala, n'kumabwera pambuyo pang'ono, mpaka womvera n'kumati apa wasochera, koma pothera mzere mupeza wafika nawo limodzi. Tinyimbo tambiri timene ankamupatsa m'ma 1930 tidali tachabechabe, tolembedwa mothamanga kuti tigulitsidwe. Iye ankasintha kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu, liwu limodzi n'kulikoka, lina n'kulimeza, kanyimbo kopanda pake n'kusanduka nkhani ya munthu. Amene ankamumvetsa koposa ndi Lester Young, woliza saxophone, amenenso adamupatsa dzina loti Lady Day. Mukamvera awiriwa m'mbale zimene adajambula ndi Teddy Wilson, woliza piyano, kuyambira 1937, nthawi zina simudziwa kuti akutsogolera ndani.

Zoti Billie adamwalira pa 17 July 1959 ali ndi zaka 44, atamangidwa ali chigonere m'chipatala, n'zoona ndipo zilembedwe. Koma m'chaka cha 1948, atangotuluka kundende, anthu adadzaza Carnegie Hall, holo yotchuka ya zoimbaimba ku New York, ndipo nkhani yanu sidafotokoze chimene anthuwo adapita kukamva. Mukadzalembanso za iye, mlembiyo ayambe wakhala pansi ndi mbale za pakati pa 1935 ndi 1939, kenaka atsegule mabuku.

Ine wanu,
Wokonda jazi,
Zomba